Mipeni ya Mdatchi wa pa Fifitini

Ku Onaiza, mumzinda wa Doha, m'nyumba yosanjikizana imene ndinkalondera, anthu okhalamo tinkawadziwa ndi manambala a nsanjika zawo, iwo n'kumatidziwa ndi yunifomu. Palibe ankadandaula. Munthu amene ndikufuna kunena pano anali wa pa fifitini, Mdatchi wamtali, wa imvi, wa ntchafu zikuluzikulu ngati za munthu amene wapalasa kabaza moyo wake wonse. Poyenda ankawerama pang'ono, dzanja limodzi ataliika kumsana. Alonda tinkamuseka kuseri kuti pali chimene anataya ali mnyamata ndipo akuchifunabe pansi.

Ine malo anga anali pa geti ya magalimoto, kunsi kwa nyumbayo, pamene mpweya wotentha wa makina oziziritsira zipinda za eni ake umatulukira. Ndinkaima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mpando panalibe, chifukwa kampani yathu inkati mlonda wokhala pansi ndi mlonda wogona. Chaka chachitatu miyendo inayamba kundiyankha. Mitsempha inatupa kuseri kwa mawondo, akakolo ankadzaza nsapato, ndipo pofika masana ndinkamasula zingwe mobisa. Tonse tinkadziwa kumene nkhani yotere imathera. Kontilakiti ikamatha amakupima, dokotala akaona miyendo yotero amalemba kuti sungathe kuima, ndipo kampani ya alonda ilibe naye ntchito munthu wosatha kuima. Amangokupatsa tikiti ya ndege yobwerera kwanu. Kwathu ku Liwonde ndinasiya mkazi ndi ana atatu, ndi nyumba ya njerwa imene inali itafika pa mawindo. Ndinkafuna kupeza ntchito yokhala pansi tsiku lopimidwa lisanafike. Palibenso china chimene ndinkapempha kwa Mulungu masiku amenewo.

Pafupi ndi geti yanga panali tizipinda tosungiramo katundu wa anthu a m'nyumbamo. Lachiwiri lililonse masana Mdatchi uja ankatsika ndi chikwama n'kudzitsekera m'kachipinda kake. Tsiku lina anasiya chitseko chotsekula chifukwa cha kutentha, ndipo ndinamva phokoso limene sindingalisokoneze ndi lina lililonse, la mwala ukuyenda pa chitsulo. Ndisanapite ku Doha ndinagwira ntchito pa butchala zaka zambiri. Ndinkazinga mbuzi ndi ng'ombe, ndipo mipeni yonse ya pamalopo ndinkanola ndine, chifukwa mpeni wobuntha umazunza chiweto, ndipo nyama yotero Msilamu saidya ndi mtima umodzi. Khutu langa linakulira pa mwala wonolera.

Ndinasuzumira. Pa tebulo panali nsapato ziwiri zogadamitsidwa, zomangidwa pa chitsulo kuti zisasunthe, iliyonse ili ndi mpeni wautali kunsi kwake, wopitirira phazi kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Iye ankayendetsa mwala wafulati pamwamba pa mipeni yonse iwiri nthawi imodzi. Masiketi, nsapato zotsetserekera pa ayisi, ndinali nditawaonapo m'masitolo akuluakulu aja okhala ndi bwalo la ayisi pakati, koma aatali chotero ayi. Ndinamvetsera pang'ono, kenako pakamwa panandipulumuka. Ndinamuuza kuti dzanja lake lamanja likukanikiza kuposa lamanzere, moti mpeni umodzi ukudyeka pamene unzake ukungosisitidwa.

Kwathu kumuuza munthu wamkulu mawu otere pa ntchito yake ndi mwano. Ndinadikira kuti andikalipire kapena akandinenere kwa supavaiza. Iye anangoyesa mipeniyo ndi chikhadabo, woyamba, kenako wachiwiri, n'kunena kuti ndikunena zoona, phewa lake lamanzere linathyoka kalekale ndipo silinabwererenso m'malo mwake. Atatero anandipatsa mwala uja kuti ndimuonetse.

Chatsopano chimene anandiphunzitsa chinali chimodzi chokha, chakuti mpeni wa siketi suusongola ngati wa pa butchala. Umausiya wafulati kunsi, wokhala ndi ngodya ziwiri zakuthwa m'mbali, chifukwa ngodyazo n'zimene zimaluma ayisi munthu akamakhota. Zinazo ndinkazidziwa kale: kudonthezera timafuta pa mwala, kusathamanga, ndi kuchotsa ndi kamwala kakang'ono tizitsulo totsalira m'mbali, timene ine ndimati ndevu za mpeni. Nditamaliza anapala chikhadabo chake pa ngodya zonse zinayi. Kenako anati munthu amene ankawanolera masiku amene iye anali pachimake sankaposa pamenepa. Ndinasangalala ngati chitsiru, sindikana.

Kuyambira tsiku limenelo ola langa lopuma la Lachiwiri linkathera m'kachipinda kaja. Ndinkanola nditakhala pa bokosi, nsapato nditavula, miyendo ikupuma. Poyamba anali masiketi ake okha, kenako anayamba kubwera ndi a anthu amene ankawaphunzitsa, chifukwa ku Doha anabwerera ntchito imeneyo. M'nyumba mwake sakananolera, mkazi wake ankadana ndi fungo la mafuta. Ankatsika ndi khofi ndi kachitini ka mabisiketi. Tsiku loyamba atanditsekulira kachitiniko ndinati ayi zikomo, monga munthu woleredwa bwino, ndipo iye anakatseka n'kukabwezera m'chikwama. Ndinamwa khofi wouma. Madzulo ndinakawafotokozera achimwene amene ndinkagona nawo chipinda chimodzi ku Al Nasr, dalaivala wa ku Namwera amene anali atakhalitsa ku Doha kuposa ine, ndipo tinaseka mpaka misozi za kuumira kwa azungu. Lachiwiri linalo ndinatenga bisiketi ija popanda mwambo. Ndinkaona ngati phunziro lathera pa bisiketi.

Munthu ukamanola manja amakhala pa ntchito koma makutu amakhala opanda chochita, ndiye mbiri yake ndinaimva yonse, mbali zina kangapo. Anati kwawo masewera othamanga pa ayisi ali ngati mpira kwa ife. Anayamba ali wamng'ono pa ngalande zimene madzi ake amauma gwa nyengo yozizira, bambo ake atam'mangirira mipeni yamatabwa kumapazi. Atakula anakhala wa mitunda italiitali, kuzungulira bwalo kambirimbiri, awiriawiri, koma wopikisana naye weniweni ali wotchi. Tsoka lake, malinga ndi iye, linali lobadwira m'dziko limene akatswiri ndi ambiri kuposa malo. Dziko lina akanamunyamula pamapewa, koma kwawo nthawi zonse pankakhala atatu patsogolo pake. Kamodzi kokha anafika ku mpikisano waukulu wa dziko lonse lapansi, ndipo anathera pa nambala folo, atasiyidwa ndi kanthawi kosakwana n'kuphethira komwe. Mendulo amapereka kwa atatu. Iye anabwerera ndi chikwama chimene anapita nacho.

Chimene chinkamuwawa kwambiri sichinali chimenecho. Cha kumapeto kwa zaka zake kunabwera masiketi amtundu watsopano, amene chidendene chimanyamuka mpeni n'kutsala pa ayisi. Amene anawapanga anam'bweretsera iye ena ambiri asanawaone, n'kumufunsa ngati angawayese. Iye anawaseka, anati n'zidole, ndipo eni akewo anangonyamula katundu wawo n'kupita kwa achinyamata. Posakhalitsa anthu amene iye ankawasiya kutali anayamba kumudutsa. Pamene ankasintha maganizo n'kuti thupi litakalamba. Anasiya masewerawo popanda womutsanzika.

Nanga kutchuka? Anati akapita kwawo, m'sitolo anthu achikulire amamuyang'anitsitsa n'kunena kuti nkhope iyi tikuidziwa, kenako amamutchula dzina la amene anathera pa nambala fili. Nkhani imeneyi ankainena akuseka, koma kuseka kwake kunali kwa mano okha. Achimwene a ku Namwera aja anamufufuza pa foni, ndipo tinamupezadi: chithunzi cha mnyamata wovala zothina, atawerama, dzanja kumsana, ndi mizere yochepa yosadzaza ngakhale chikhatho. Ine ndinanyada nazo. Ndinayamba kuuza alonda anzanga kuti wa pa fifitini uja ndi katswiri wa dziko lonse, poti kwathu munthu wako umamukweza. Tsiku lina anandimva ndikunena zimenezi pa geti, ndipo anaimitsa galimoto, n'kutsitsa galasi, n'kundikonza pamaso pa anzanga kuti sanakhalepo katswiri wa dziko lonse, anali wachinayi. Anzanga anandiseka sabata yathunthu.

Poyamba ndinkamumvera chisoni. M'kupita kwa nthawi chisonicho chinayamba kusanduka china. Munthu wogona pa fifitini, wokhala ndi mawindo oyang'ana kunyanja, akudandaulira mlonda wotupa miyendo kuti dziko linamulemba mizere yochepa. Ine dzina langa linalembedwa pa kabaji ka pachifuwa basi, ndipo ngakhale pamenepo analiphonya chilembo chimodzi. Koma ndinkagwedeza mutu n'kumati pepani, bwana, dziko ndi lotero. Ndinali ndi chifukwa changa chogwedezera mutu, ndipo ndichinena.

Lachisanu lina, nditachoka ku mapemphero a Jumu'a, ndinapita kukamuona pa ayisi monga anandiitanira. Ndinakwera sitima ya metro, n'kusintha pa siteshoni ya Msheireb, n'kukafika ku sitolo yaikulu kumene ankaphunzitsira. Bwalolo linali laling'ono kwa mipeni yake, koma zimene ndinaona sindidzaziiwala. Nkhalamba yowerama imene tinkaiseka pa geti inangoti kukankha kamodzi, n'kuyandama mpaka tsidya lina, popanda phokoso, popanda kuoneka kuti ikugwiritsa ntchito mphamvu. Kuwerama kuja ndi dzanja la kumsana lija, pamenepo m'pamene zinali kwawo. Ndinayang'ana anthu ozungulira kuti ndione ngati akuona zimene ndikuona. Ankadya ayisikilimu, maso ali pa mafoni. Ine ndekha ndi amene ndinaomba m'manja, ndipo mlonda wa pamenepo anandiyang'ana ngati ndapenga.

Atamaliza anandizungulitsa kuseri kwa bwalolo. Kunali kachipinda kozizira bwino, mashelefu odzaza masiketi obuntha, tebulo, ndi mpando. Mpando weniweni, wokhala ndi potsamira. Anati palibe amene amasamala masiketiwo, ndipo wakhala akuwauza akuluakulu a pamalopo kuti alembe munthu. Kuyambira tsiku limenelo mpando umenewo unakhala m'mutu mwanga. Ndikaima pa geti miyendo ikuyaka moto ndinkauona.

Za miyendo yanga ankadziwa. Tsiku lina anandipeza ndikuvula nsapato, anagwada, n'kukanikiza kakolo wanga ndi chala chachikulu. Atachotsa chala, dzenje linatsalira. Anati munthu wa miyendo yotere sayenera kuima tsiku lonse. Ine ndinamuyankha mwa kwathu. Ndinamusimbira za mlonda wina, mnzathu, amene anatupa miyendo chimodzimodzi, ndipo atapimidwa anam'bweza kwawo nyumba asanafolere. Ndinkati munthu wamkulu amva yekha kumene nkhaniyo ikulowera. Iye anati n'zomvetsa chisoni, n'kufunsa ngati mnzathuyo ali bwino tsopano.

Ndiye linafika Lachiwiri lija, kutentha kutangoyamba, kutatsala miyezi iwiri kuti ndipimidwe. Ndinali pakati pa kuchotsa ndevu pa mpeni pamene anati akuluakulu aja avomera. Akufuna munthu wa m'kachipinda kaja, ndipo mapepala osamutsira munthu kuchoka ku kampani ina adzayendetsa okha. Anandiyang'ana.

"Ukuifuna ntchitoyi? Ndikhoza kuwapatsa dzina lako mawa."

Ndinaika kamwala pansi. Ndipo ndinayankha monga ndinaleredwera.

"Aa, bwana, musadzivutitse chifukwa cha ine. Mwandichitira kale zambiri. Pano ndili bwinobwino."

Amene anakulira kwathu sakufunika kumufotokozera. Munthu akakupatsa chinthu chachikulu suthamangira kulandira ngati unkachidikira. Umayamba wakana, iye amakakamiza, umakananso mofooka, iye amati usandinyoze, ndiye umalandira ndi manja awiri. Woperekayo amachoka ali munthu wamkulu, wolandirayo amachoka asali wopemphapempha. Bisiketi ndi bisiketi, ungathe kungotola. Koma iyi inali ntchito, ndipo ndikanailumphira akanaganiza kuti miyezi yonseyi ndinkamunolera ndi kumumvetsera n'cholinga chimenechi. Chinalidi cholinga changa, n'chifukwa chake sindinkafuna kuti chioneke.

Anandiyang'ana kanthawi, nsidze zitakwera pang'ono. Ndinakonzeka kukana kachiwiri, mawu ake ndinali nditawaika kale pa lilime. Iye anati chabwino, n'kundipatsira masiketi otsatira.

Achimwene a ku Namwera nditawauza madzulo, anaika pansi kapu ya tiyi.

"Mwati mwatani, amwene? Munthu akufuna kukupangirani transfer, ma-document onse ayendetse okha, inu n'kumati musavutike? Wallahi, manyazi anapha lambe. Mawa lomwe mupite mukamuuze kuti yes. Khalas, nkhani yatha."

"Afunsanso, achimwene. Ndi munthu wamkulu, miyendo yanga anaiona yekha."

"Afunsanso ndani? Si wa bisiketi uja ameneyu? Kuno offer imabwera kamodzi, ndipo medical yanu sikudikirani."

Ananena zoona, ndipo ndinadziwa pomwepo kuti akunena zoona. Koma sindinapite. Kubwerera kwa munthu kukapempha chimene wakana dzulo lake kunali kundilemera kuposa miyendo. Ndinadziuza kuti ndidikire Lachiwiri, nkhaniyo aiyambitsa yekha. Lachiwiri linafika, ndipo anakamba za bondo lake ndi za mlongo wake amene ankadwala kwawo. Lachiwiri linzake ndinalowa m'kachipindamo ndikutsimphina dala, ndinavula nsapato pamaso pake, n'kuusa moyo mokweza. Anandilangiza kuti pogona ndizitsamiritsa miyendo pa pilo. Achimwene anasiya kundilankhula za nkhaniyi, ankangopukusa mutu ndikalowa m'chipinda.

Lachiwiri lachitatu chikwama chake chinali chopepuka. Munali masiketi ake okha. Ndinafunsa kuti ena aja ali kuti, ndipo anayankha mosavutika kuti tsopano akunola ndi munthu watsopano wa m'kachipinda kaja. Anali amene ankapereka nsapato zobwereka pakhomo la bwalo. Atamufunsa, anavomera funso lisanathe n'komwe. Mdatchi anati manja a munthuyo ndi olemera ndipo samva mwala, koma aphunzira.

Ndinakhala pa bokosi paja ngati wathiridwa madzi ozizira. Kenako, koyamba chidziwireni munthu ameneyu, ndinalankhula mosazungulira.

"Bwana, ntchito ija ndinkaifuna."

"Koma unati ayi."

"Kwathu timayamba takana. Munthu amafunsa kawiri."

"Chifukwa chiyani?"

Sankandinyoza. Ankafunadi kudziwa, ndipo chimenecho n'chimene chinandipsetsa mtima kwambiri. Ndinamufotokozera zonse, za manja awiri, za kusaoneka wopemphapempha, za ulemu wa woperekayo. Anamvetsera mwachidwi ngati mlendo amene akumuonetsa gule wa kumudzi. Nditamaliza anati pepa, ndipo ndikukhulupirira kuti zinachokera mumtima. Anati tsiku lija anadabwa nditakana, poti miyendo yanga anaiona, koma anaganiza kuti ndine munthu wamkulu wokhala ndi zifukwa zanga, ndipo si kwa iye kumuuza bambo wa ana atatu chimene akufuna. Kwawo, anatero, kumukakamiza munthu amene wati ayi ndi kumuchepetsa. Ndinafunsa ngati pali chimene chingachitike. Anati palibe, mapepala anasainidwa, ndipo munthu uja anasiya kale malo ake akale, sangamuchotse popanda cholakwa. Ndinafunafuna poti ndimugwire bodza kapena nkhanza, sindinapapeze. Zikanakhala bwino akanakhala munthu woipa.

Akanalekera pamenepo, mwina bwenzi lero ndikumukumbuka mosiyana. Koma anapitiriza. Anati akumvetsa bwino mmene ndikumvera, chifukwa nayenso anati ayi kamodzi, kwa anthu a masiketi atsopano aja, ndipo sanabwerenso. Anati ndife ofanana. Ndinamuyang'ana. Iye ayi wake anam'manitsa kachitsulo kopachika m'khosi ndi mizere ingapo pa foni, ndipo patatha zaka zonsezi akadali pa fifitini, akudya bwino, akuyandama pa ayisi. Ine ayi wanga anali denga la ana anga. Ndipo ngakhale pa tsoka langa anapezapo mpata wokambanso za nambala folo yake.

Kenako anakankhira masiketi ake aja kwa ine. Anati awa okha sangampatse munthu watsopanoyo, angawaononge.

"Ungandinolere?"

"Ayi, bwana."

Ameneyo anali ayi weniweni, woyamba amene ndinamunenapo kwa mzungu. Koma nkhope yake inawala ngati ya mwana wasukulu amene wamvetsa samu. Anamwetulira.

"Ndikufunsanso kachiwiri. Ungandinolere?"

"Ndati ayi."

"Kachitatu. Chonde, usandikanire."

Mwambo wathu anauphunzira msanga, mphindi zochepa chabe. Anauphunzira pa tsiku limene unali wothandiza iye. Ndinkafuna kuseka, ndinkafunanso kumugenda ndi mwala womwewo. Koma munthu wa imvi anali atandipempha katatu, ndipo manja anga anali atayamba kale kumanga nsapatozo pa chitsulo. Ndikanena kuti maganizo oipa sanandifike ndinama. Ndimadziwa mmene ungaphere ngodya imodzi mwakuti chikhadabo sichingazindikire, mwini wake n'kukadziwira pokhota. Koma amene anandiphunzitsa kunola pa butchala ankati mkwiyo wako usamaupereke kwa mpeni, chifukwa wokalipira ndi chiweto. Ndinanola masiketiwo bwino kuposa tsiku lina lililonse. Iye anapala chikhadabo, anagwedeza mutu, n'kutsekula kachitini ka mabisiketi. Sindinatenge, ndipo anandipatsira katatu.

Masabata otsalawo ndinayesa kwina. Achimwene anafunsira kwa mabwana awo, ine ndinayenda m'mahotela a ku Msheireb masiku anga opuma, ndipo kulikonse ndinkanena mosapita m'mbali kuti ndikufuna ntchito yokhala pansi, poti wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Koma ntchito yokhala pansi ya munthu ngati ine ku Doha inali imodzi, ndipo ndinali nditaikana mwaulemu. Tsiku lopimidwa dokotala anakanikiza kakolo wanga ndi chala chachikulu, pamalo omwe aja Mdatchi anakanikiza. Dzenje linatsalira. Analemba zimene analemba, ndipo sabata yomweyo supavaiza anandiuza tsiku la ndege.

Munthu suchoka osatsanzika, ngakhale mtima uli wakuda. Ndinakwera chikepe mpaka pa fifitini, koyamba m'zaka zonse zimene ndinalondera nyumbayo. Anatsekula yekha. Kumbuyo kwake, pa khoma, ndinaona chithunzi chija cha pa foni, chachikulu, m'felemu. Mendulo panalibe. Nditamuuza kuti ndikupita anakhumudwa moonekeratu, anandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kunena kuti sakudziwa kuti masiketi ake aziwatani tsopano. Anandiuza kuti ndidikire, analowa m'kati, n'kutuluka ndi mwala wafulati uja, ataukulunga m'kansalu kake ka mafuta. Anati anayenda nawo m'mayiko ambiri, unali nayenso tsiku la nambala folo.

"Ukuufuna?"

"Eya," ndinatero, funso lisanazizire, n'kuulandira ndi dzanja limodzi.

Tsopano ndili ku Liwonde. Kuzinga sindingathenso chifukwa kumafuna kuima, ndiye ndimakhala pa benchi kunja kwa butchala yomwe ija, anthu n'kumandibweretsera mipeni, zikwanje ndi masizasi a matelala. Mwezi wathawu mwana wanga wamkazi wamkulu anamufufuza Mdatchi uja pa foni, atatopa ndi kumva za iye. Anati mizere ija yawonjezekera umodzi, wonena kuti atasiya mpikisano anakaphunzitsa masewerawo ku Doha. Ndikuganiza kuti anasangalala atauona. Anthu pa msika amandifunsa kumene ndinaupeza mwala wosalala chotere, ndipo ndimawauza kuti ndi umene ndinabwera nawo kuchokera kunja. Amaseka, amayesa nthabwala. Ndi mwala wabwino, sudya mpeni. Ndikaweruka ndimaukulunga m'kansalu kake, n'kudutsa nawo pa nyumba ija, imene idakali pa mawindo.